Mimba ya Nthochi

Ndinali ndi zaka zisanu ndi zinayi pamene ndinatenga mimba ya mapasa. Musathamangire kupolisi, dikirani ndimalize, chifukwa inenso nkhani imeneyi ndikangoiyamba mtima umagunda ngati zachitika dzulo. Mimbayo ndinaitenga ku nthochi.

Amai anga ankagulitsa nthochi pamsewu waukulu pano pa Kafue, pamene mabasi akutali amaima pang'ono kuti anthu atsike. Basi ikangoima azimayi onse ankanyamuka nthawi imodzi, madishi pamutu, kuthamangira mawindo, aliyense akufuula mtengo wake. Ine ndikakomboka kusukulu ntchito yanga inali yokhala pa kireti, kulondera nthochi zotsala ndi kuingitsa ntchentche. Ndinkaloledwa kudya zakuda zokha, zija zofewa zimene munthu sangagule.

Mwa kamodzikamodzi pa mkoko pankapezeka nthochi yogwirana, khungu limodzi koma mkati ziwiri, yonenepa ngati chikhatho cha munthu wamkulu. Imeneyo amai sankaiika pa dishi. Ankaithyola bwinobwino n'kuiika m'thumba la epuloni, kusungira atate. Tsiku loyamba limene ndinaitambasulira dzanja, anandimenya kambama pa zala.

"Siya iyo. Mwana mukazi sadya yogwirana, uzabala mapasa."

Ndisanafunse kanthu basi ina inafika, iwo n'kuthamanga. Mawu onse anali omwewo. Sananene kuti liti, sananene kuti zimachitika bwanji, ndipo ine sindinafunsenso, chifukwa umboni ndinkauona tsiku lililonse. Atate, amene ankagwira ntchito ku fakitale, ndiwo ankadya nthochi zogwirana zonse za pakhomo pathu, ndipo mimba yawo inkafika pakhomo iwo asanafike. Ndinaganiza kuti amuna nawonso ana amalowa ndithu, kungoti alibe potulukira, choncho amangokhala momwemo mpaka kalekale.

Chaka chomwecho ndi chimene ba Mable anachoka pathu. Ba Mable anali mwana wa amalume, ankakhala nafe kuti aziphunzira sekondale, ndipo tinkagona mphasa imodzi. Ndinawaona akuyamba kulavula malovu paliponse, ndinawaona akumanga mimba ndi chitenge m'kati mwa yunifomu, ndipo sindinauze munthu. Zitadziwika kunali kulira ndi kutsekerana zitseko, kenako m'mawa wina anakwezedwa basi ya ku Petauke ndi chikwama chimodzi. Pobwerera kunyumba amai ankayenda akuyankhula okha, koma mokweza kuti ine ndimve, kuti m'nyumba mwawo wotenga mimba ulendo wake ndi wa kumudzi, alibe nthawi yolera ana a ana.

Ine kumudzi ndinali nditapitako kamodzi kokha, pa maliro, ndipo ndinkakumbukira mdima, nsikidzi ndi tambala amene anandithamangitsa mpaka kuchimbudzi. Koma chachikulu sichinali chimenecho. Kumudzi kunalibe amai. Ine ndinali mwana woti amai akachedwa kumsika ndinkaima pa geti mpaka miyendo kuuma.

Ndiye n'chifukwa chiyani ndinaidya? Funso limeneli ndadzifunsa kambirimbiri, ndipo yankho lake ndi lochititsa manyazi. Inali njala basi, komanso inkaoneka bwino. Linali Lachisanu, mwezi wa Okutobala, dzuwa lija loti phula limamata ku mapatapata. Mabasi atatu anafika motsatana, amai anavula epuloni chifukwa cha kutentha n'kuisiya pa kireti, ndipo nthochi ija inasuzumira m'thumba, yachikasu, ya timadontho takuda. Ndinati ndingoinunkhiza. Kenako ndinati ndingoisenda pang'ono ndione mmene zimagwiranira mkatimo. Pamene basi yachitatu inkanyamuka, khungu ndinali nditaliponya kale m'ngalande, ndipo pakamwa panga pankatsekemera mpaka m'makutu. Amai atafunsa ndinati kondakitala wina waitola podutsa. Anamutukwana kondakitala wosalakwayo ndi mtundu wake wonse, n'kuiwala.

Loweruka lonse ndinali bwinobwino. Zinthu zinaipa Lamulungu.

Mpingo wathu unkakumana m'kalasi ya pasukulu ina ku Nangongwe, ndipo ife ana tinkaphunzira panja pansi pa mtengo. Tsikulo aphunzitsi athu, ba Precious a kwaya, anatiphunzitsa za mkazi woyamba uja amene anadya chipatso choletsedwa m'munda. Ana anayamba kukangana kuti chinali chipatso chanji. Wina anati apozi, wina anati mango chifukwa ndi amene munthu sangapirire, wina anati masuku. Ba Precious anati sizinalembedwe, palibe amene akudziwa. Koma ine ndinkadziwa. Kenako anafotokoza chilango chake: mkaziyo anauzidwa kuti adzabala ana ndi ululu, ndipo anathamangitsidwa m'mundamo osabwereranso.

Ndinawerenga pa zala. Anauzidwa kuti asadye, inenso. Anadya, inenso. Ananamizira wina, iye njoka, ine kondakitala. Kwatsala kubala ndi kuthamangitsidwa. Munda wanga unali nyumba ya zipinda ziwiri yokhala ndi mpanda wa maluwa, ndipo basi ya ku Petauke inkanyamuka tsiku lililonse.

Lolemba ndinauza munthu mmodzi yekha, mnzanga Mutinta. Kwawo kunali ku Chanyanya kwa asodzi, koma ankakhala ndi azakhali ake pafupi nafe. Amai ake anali ndi ana asanu ndi atatu, choncho pa nkhani za mimba kalasi yonse tinkamuyesa nasi. Sanaseke ngakhale pang'ono. Ananditengera kuseri kwa zimbudzi za sukulu n'kuyamba kundifunsa ngati ndikulavula malovu, ndipo nthawi yomweyo malovu anadzaza m'kamwa. Anafunsa ngati ndikumva tulo m'kalasi, ndinati inde, makamaka pa masamu. Anafunsa ngati ndikulakalaka dothi kapena mango osapsa. Mango osapsa ndinkawalakalaka chibadwire, koma tsikulo ndinamva kuti ndi chizindikiro. Potsiriza anagwada, n'kuika khutu pamimba panga, n'kukhala nthawi yaitali atatseka maso.

"Alimo," anatero. "Ni awiri. Umozi akamba maningi."

Ndinalira. Mutinta anandisisita pamsana n'kunena kuti ndisadandaule, mmodzi adzatenga iye, makamaka akakhala wamkazi, chifukwa kwawo ana ndi ambiri kale ndipo wina akawonjezekapo palibe angazindikire. Tinagwirizana choncho. Anandilangizanso kuti munthu wapakati amadyera onse amene ali mkatimo, apo ayi amatuluka ndi mitu ikuluikulu.

Kuyambira tsikulo ndinadya ngati anthu atatu. Nshima ndinkatenga mitanda iwiri n'kupalanso mphika. Mango osapsa ndi mchere ndi tsabola ndinkadya m'mawa ndi madzulo. Dothi lija azimayi amagula pamsika, Mutinta ankandibweretsera la pachulu chakuseri kwa sukulu, ati ndi limodzimodzi. Ndipo mimba inakuladi. Inauma ngati ng'oma, mkatimo zinthu zinkayenda, zinkalira, nthawi zina zinkachita ngati zikukangana. Ndinang'amba kansalu ku chitenge chakale cha amai n'kumamanga mwamphamvu m'kati mwa yunifomu, monga ndinaonera kwa ba Mable. Ndinasiya kudumpha chingwe ndi anzanga. Ndowa ya madzi ndinkainyamula theka. Kwa telala wa pakona ndinkatola tinsalu totsala, ati matewera, n'kumabisa m'chitini chakale cha mafuta kuseri kwa nyumba.

Koma ntchito yaikulu inali yoyang'anira amai. Ndinaphunzira nkhope yawo ngati buku. Akandiyang'ana nthawi yaitali ndinkakoka mimba mkati mpaka kuona nyenyezi. Akatchula Petauke, ngakhale akukamba za mtengo wa nshawa, ndinkazemba n'kutuluka panja. Kusamba ndinkasamba ndekha, chitseko nditachitsekera ndi mwala. Tsiku lina tikudya, amai anandiona ndikutenga mtanda wachitatu n'kunena moseka kuti ndikudya ngati ndili ndi anthu m'mimba. Nshima inaima pakhosi. Atate anandimenya pamsana kuti itsike, akuti mwanayu akukula, musiyeni adye, uku akusisita mimba yawo. Ndinaiyang'ana mimba ija n'kuganiza kuti mwina abale anga ali mmenemo angakwane kalasi yathunthu.

Sabata yachitatu ndinamva chinthu chimene chinandimaliza. Ndinali pa kireti paja, azimayi akudikira basi, ndipo wina ankasimba za mlamu wake amene anabala mapasa kuchipatala, kuti anachita kumung'amba pamimba, ndipo anatsala pang'ono kupita. Ankaonetsa ndi chala kutalika kwa chilondacho, kuchokera apa mpaka apa. Ndinayeza pamimba panga mobisa. Chala chinadutsa mimba yonse n'kukafika kumsana. Apa ndinaona kuti nkhani yakula. Ndikanena, ndikwera basi. Ndikapanda kunena, ndifa. Ndinafunsa Mutinta kuti ana a nthochi amatenga miyezi ingati, iye anati nthochi sichedwa kupsa, mwina sabata yamawa.

Lamulungu lotsatira ana sitinatuluke panja chifukwa kunali mapemphero apadera. Kalasi inadzaza, mabenchi atakankhidwira kumbuyo, mnyamata wa kiyibodi akuimba pang'onopang'ono. Amai busa, mkazi wa abusa athu, mzimayi wamtali wa duku loyera ndi mawu oti safuna n'komwe maikolofoni koma ankaigwirabe, anati azimayi onse oyembekezera abwere kutsogolo awapempherere kuti adzachire bwino, pasadzakhale mpeni, pasadzakhale imfa. Mawu akuti mpeni ndi amene anandinyamula. Sindikumbukira kuti ndinaganiza. Ndinangoona ndikuyenda pakati pa mabenchi, nsapato zanga za pulasitiki zikulira.

Kutsogolo kunali azimayi asanu, mimba zawo zili patsogolo ngati mitsuko. Ine ndinaima kumapeto, wachisanu ndi chimodzi, mutu wanga ukulekeza m'chiuno mwa amene ndinayandikana nawo. Anthu anayesa ndatsatira wina. Mayi wina wolandira alendo anandikoka dzanja kuti ndikakhale pansi, ine ndinalimba ngati chitsa. Amai busa ankabwera akusanjika manja mmodzimmodzi, ndipo atafika pa ine anawerama akumwetulira, n'kundifunsa chimene ndikufuna, maikolofoni ili pakamwa panga penipeni.

"Munipempherereko nisafe pobala," ndinatero. "Ni awiri."

Mawu anga anatuluka pa sipika mpaka kubwalo la mpira. Kiyibodi inasiya pakati pa nyimbo. Ndinamva mwana wina akuyamwa kumbuyo kwenikweni, ndi mmene kunakhalira chete.

Amai anga sanazungulire mabenchi, anadutsa pamwamba pake. Sindinawaonepo akuthamanga choncho, ngakhale pa basi yodzaza. Anandinyamula ngati khanda, ine msinkhu wonsewo, n'kutuluka nane kuseri kwa kalasi, amai busa ndi azimayi ena awiri akutsatira. Ndinkadikira mbama. Ndinkadikira mawu akuti Petauke. M'malo mwake amai anagwada pa fumbi ndi chitenge chawo chatsopano, nkhope yawo inafanana ndi yanga, ndipo inali nkhope imene sindinkaidziwa. Milomo inali itayera. Anandigwira mapewa ndi manja awiri.

"Nelia, mwana wanga, sinizakumenya. Niuze chabe dzina. Ni ndani?"

"Kulibe dzina, amai."

"Usayope munthu. Olo akhale mukulu bwanji. Ni ndani?"

"Ninadya nthochi ija yogwirana ya mu epuloni. Kondakitala sanatenge. Ninanama."

Mmodzi wa azimayi aja anatulutsa kaphokoso ngati tayala likuphwa, kenako anakhala pansi n'kuyamba kuseka mpaka duku linagwa. Mnzake anathawira kuseri kwa mtengo atagwira pakamwa. Amai busa anayang'ana kumwamba, mapewa akugwedezeka, akuyesetsa kukhala mkazi wa abusa. Amai okha sanaseke. Anandifunsanso kawiri, m'njira zina, ngati palibe munthu amene anandigwirapo kapena kundiitanira kwinakwake, ndipo nditakana kawiri konse anapumira m'mwamba ngati munthu amene watula mtolo wa nkhuni. Pondikumbatira ndi pamene anamva kansalu kaja. Anakweza diresi, anamasula mfundo, n'kuona mizere imene kanasiya pakhungu, yofiira, ina itayamba zilonda. Anafunsa kuti ndayamba liti. Ndinati masabata atatu.

Apo ndi pamene anakhala pansi penipeni, miyendo atatambasula, n'kuyamba kulira ndi kuseka nthawi imodzi, akubwereza kuti masabata atatu, masabata atatu, mwana akugona pafupi nane, ine osadziwa.

Sitinabwererenso m'kalasi muja. Tinayenda m'mbali mwa njanji kupita kunyumba, amai atandigwira dzanja, chinthu chimene anali atasiya kalekale. Panjirapo anandiuza kumene ana amachokera. Sananene zonse, ndipo zina anazizungulira kutali kwambiri moti ndinazimvetsa patapita zaka, koma ananena zokwanira kuti ndidziwe kuti nthochi payokha singathe. Ndinafunsa ngati ndikwerabe basi chifukwa cha bodza lija. Anaima, n'kunena kuti mawu aja a tsiku la ba Mable anali a mkwiyo, ndipo akhala akuwawawa mumtima kuyambira tsikulo. Anati ine ngakhale nditabwera ndi ana khumi, pakhomo ndi panga, chachikulu ndizinena msanga.

Nditaona kuti zinthu zili bwino ndinafunsa ngati za nthochi yogwirana ndi zabodza. Anati ndi zokamba za akuluakulu, nawonso anangozimva kwa amai awo. Ndinati ndiye kuti ndikhoza kumadya.

"Iyayi," anatero. "Usayese."

Atate atamva nkhaniyo anaseka mpaka kutsokomola, makamaka nditawauza zimene ndinkaganiza za mimba yawo. Anaimenya ngati ng'oma n'kunena kuti amene ali mmenemo ayambe kulipira lendi. Lolemba amai anandipititsa kukiliniki, ndipo anasi atagogoda pamimba panga n'kumva za dothi la pachulu anati alendo alimodi, koma si awiri, ndi ambiri, ndipo ndi njoka za m'mimba. Anandipatsa mapiritsi. Zimene zinatsatira sindilemba m'nyuzi. Mutinta yekha ndi amene anakhumudwa. Anali atasankha kale dzina la wake, ndipo kwa masiku awiri sanandiyankhule.

Amai busa Lamulungu linalo analalikira mwamphamvu za zikhulupiriro zachikale, kuti mwana wa Mulungu saopa chipatso, kuti chimene chinalakwika m'munda muja ndi kusamvera, osati mtengo. Azimayi onse ankavomera kuti ameni. Amai anga ndi munthu wosakonda kutsutsana ndi atsogoleri. Anangodikira mpaka atapeza nthochi ina yogwirana, yaikulu bwino, n'kukawapatsa pamaso pa anthu ngati mphatso yothokoza. Amai busa, amene panthawiyo anali ndi ana anayi ang'onoang'ono, anailandira ndi manja awiri, anaiyamikira, anaitembenuza uku ndi uku, kenako anati abusa ndi amene amakonda kwambiri nthochi. Mpaka lero sindinaonepo mzimayi wa mumpingo muja akuidya.

Ine ndinatsala ndi dzina. Nangongwe yonse inayamba kunditchula bana Mpundu, mmene Abemba amatchulira mayi wa mapasa. Makondakitala ankandifunsa kuti ana agona bwanji. Ndinafika giredi seveni, pamene sukulu yanga inathera, dzinalo likundilondabe.

Lero ndili ndi zaka makumi awiri ndi zitatu, ndili pabanja, ndili ndi mwana wamkazi wa zaka zinayi dzina lake Taonga, ndipo ndikuuzeni zoona, ndine mayi wamantha. Ndimaopa msewu waukulu ndi malole ake, ndimaopa mtsinje, ndimaopa mbaula, ndimaopa udzudzu, ndimaopa munthu aliyense amene amupatsa switi. Usiku ndimadzuka kukaika chala pamphuno pake. Ndipo mantha akakugwira, ulibe nthawi yofotokoza, umangoponya mawu amene ali pafupi. Ukapita kumsewu akutenga a chikwama, aja oba ana. Ukasewera ndi moto ukodza pogona. Mawu omwewo amene ndinkamva, amatuluka okha, ndi mawu a amai enieni.

Mwezi wa masuku wapitawu ndinamupeza Taonga akudya masuku pakhonde, ine ndili ndi ndiwo pamoto ndi madzi akusefukira, ndipo ndinafuula podutsa kuti alavule njere, akameza mtengo umera m'mimba. Ndinaiwala nthawi yomweyo. Tsiku lotsatira mwana anakana tiyi. Masana anakana madzi, dzuwa lonse lija. Sanalire, sanadandaule, anangokhala pa sitepe atagwira pamimba, akundiyang'ana ndikamadutsa, ndipo ndikamuyang'ana iye ankayang'ana kumbali. Ndinatsala pang'ono kumubereka kuthamangira kukiliniki. Koma kayang'anidwe kaja ndinkakadziwa. Ndinakachitapo masabata atatu.

Ndinasiya zonse, ndinagwada mpaka nkhope yanga inafanana ndi yake, n'kumuuza kuti sindimumenya, angondiuza. Anati anameza njere imodzi mwangozi, ndipo akamwa madzi ndiye kuti akuithirira, mtengo utulukira m'makutu, ndiye sadzakwananso pakhomo kulowa m'nyumba, azigona panja yekha.

Sindinaseke. Ndinamuuza kuti ndinanama, kuti ndinkangoopa kuti njere imutsamwa, ndipo ndinamufotokozera njira yonse imene njere imayenda kuchokera pakamwa mpaka kumene imatulukira. Sanakhulupirire mpaka m'mawa mwake titaiona ndi maso athu, sindinena kuti tinaiona kuti. Anamwa makapu atatu a madzi motsatana.

Chimene ndikudziwa tsopano n'chakuti mwana satenga mawu a mayi ake theka. Ife timawaponya tikuthamangira basi, iye amawatola onse n'kumalizitsa yekha pamene tasiyira, ndipo amamalizitsa ndi zoopsa kuposa zimene ife tingaganize. Ndikudziwanso chimene chinali pankhope ya amai kuseri kwa kalasi kuja, pamene anthu ena onse anali pafupi kuseka. Sichinali manyazi kapena mkwiyo. Ndimachimva inenso m'mimba nthawi iliyonse Taonga akakhala chete mopitirira. Mwana wolira sindimuopa kwenikweni. Ndimaopa wachete, amene akudya bwino, akusamba yekha, akuyankha kuti palibe.

Ndikanamalizira pomwepa, koma pali china. Ndili ndi pakati pa miyezi isanu. Sabata yatha kukiliniki anasi anayendetsa kachipangizo kawo pamimba panga, anaima, anayendetsanso mbali ina, kenako anandifunsa ngati kwathu kuli mapasa. Ndinati kwa amuna anga aliko, azakhali awo ndi amalume awo. Anati ndiye musadabwe. Ndinatuluka ndikuganiza za mpeni, za mkaka, za manja anga amene ndi awiri okha, ndipo sindinadikire masabata atatu, sindinadikire ngakhale ola. Ndinapita molunjika pamsewu kwa amai.

Anamvetsera mpaka ndinamaliza. Anandikhazika pa kireti pomwe paja, anandiuza kuti adzabwera kudzakhala nane, kuti azimayi ambiri abala awiri n'kuchira, ndipo ndisaphonye tsiku la sikelo ngakhale limodzi. Ndinawauza za azakhali ndi amalume a amuna anga, mmene anasi anafotokozera. Anagwedeza mutu ngati akuvomera. Kenako analowetsa dzanja m'thumba la epuloni, n'kutulutsa nthochi yogwirana, n'kundiika m'manja.

"Idya manje, bana Mpundu. Palibe chosala."

Ndinaisenda. Taonga anali pambali panga atatambasula kale dzanja. Ndikudziwa zimene anasi ananena, ndikudziwa zimene ndalemba pamwambapa, ndipo ndinamufotokozera zonse bwinobwino, kuti ndi nthochi chabe, kuti ndi zokamba za akuluakulu, kuti palibe choopa. Anamvetsa. Kenako ndinamuthyolera ina pa dishi, yayokha.